Kodi Wam'dimba Adzapuma Liti?

Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti ndi Tsiku la Alimi m'dziko la Zambia. Mabanki amatseka, maofesi a boma amatseka, ndipo amene ali ndi ya basi amapita ku Lusaka kukaona ng'ombe zonenepa ndi mathirakitala pa chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda. Kumayambiriro kwa Julayi kumakhalanso tchuthi china chachitali, Lolemba la Ngwazi ndi Lachiwiri la Umodzi, pamene msewu wotsikira ku Siavonga umadzaza ndi mabanja othawa mphepo ya kumtunda kuno kukaothera dzuwa m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Masiku onsewa mayi wolima dimba ku Mukobeko, kuno ku Kabwe, amadzuka nkhuku zisanatsike, amaponda mame ozizira ndi mapazi ong'aluka, n'kuyamba kutunga madzi. Bambo wosamala kapinga kumayadi a ku Highridge amauzidwa kuti asachoke pakhomo, chifukwa abwana ndi adona kulibe, maluwa afunika madzi ndipo agalu afunika kudya.

Ndikufuna kunena chinthu chimene ambiri achiyese chibwana. Anthu awiriwa ayenera kupuma. Ayenera kuchoka pamunda masiku angapo pachaka, kupita kumene mtima wawo ukufuna, n'kubwerera osapeza mbewu zitafa kapena ntchito itapatsidwa kwa wina. Kusapuma kwawo ndi ngongole imene ife odya ndiwo zawo ndi ife okhala pa kapinga wawo takhala tikukana kubweza, ndipo tazolowera kukanako mpaka tayamba kukutcha chikhalidwe.

Kumaiko a kumpoto, ku Britain, ku Germany, ku Netherlands, kuli anthu miyandamiyanda okonda kulima maluwa ndi ndiwo kuseri kwa nyumba kapena pa timinda tobwereka kukhonsolo. Ikafika Novembala munda umagona. Nthaka imauma gwa ndi chisanu, mitengo imayoyola masamba, ndipo ku London chakumapeto kwa Disembala dzuwa limakhala kumwamba maola osakwana 8, kawirikawiri litabisala m'mitambo. Ku Helsinki sakwana ndi 6 omwe. Munthu wozolowera kugwira dothi amangobindikira m'nyumba, mtima n'kumalemera tsiku ndi tsiku. Ndiye amene ali nazo amakwera ndege mu Januwale kapena Febuluwale kutsata dzuwa: ku zilumba za Canary, ku Madeira, ena mpaka ku Cape Town kukayenda m'munda wa Kirstenbosch, umene unakhazikitsidwa mu 1913 m'tsinde mwa phiri la Table. Kuli makampani amene ntchito yawo ndi yokonzera okonda maluwa maulendo oterewa.

Kwathu kuno nkhani imeneyi timaiseka, timati ndi matenda a anthu okhuta. Ine sindiseka nawo. Dokotala amene pamodzi ndi anzake anawafotokoza matendawa mu 1984, Norman Rosenthal, ndi mwana wa kuno kumwera: anabadwira ndi kukulira ku Johannesburg. Atasamukira ku New York mu 1976 anaona m'thupi mwake momwe mmene mphamvu zimathera masiku akafupika ndi mmene zimabwerera dzuwa likabwerera. Masiku ano madokotala a kumeneko amathandiza odwalawa powakhazika patsogolo pa nyale yowala kwambiri m'mawa uliwonse. Munthu wozindikira kuti mtima wake walema, n'kunyamuka kukaufunira mankhwala, wachita zanzeru. Chondipweteka ine n'chakuti nzeru imeneyi imagulidwa ndi ndalama, ndipo ngakhale ku Ulaya komweko si onse ogwira dothi amene amaigula. Kum'mwera kwa Spain, ku Almería, kuli mahekitala oposa 30,000 ofoleredwa ndi mapulasitiki, kumene kumachokera tomato ndi tsabola wodyedwa ku Ulaya m'nyengo yozizira. Ambiri othyola tomatoyo ndi anthu ochokera ku Morocco ndi kumadzulo kwa Africa, ena opanda ziphaso, ogona m'zisakasa. Dzuwa limene mlendo walilipirira ndege ndi lomwelo limene likuwotcha iwo pansi pa pulasitiki. Choncho nkhani iyi isatisokoneze ngati ya azungu ndi akuda. Ndi nkhani ya amene amalima pofuna kusangalala ndi amene amalima kuti ana agone atadya.

Ku Kabwe dzuwa sitisowa. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake m'bandakucha wa Juni ndi Julayi umaluma, kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Koma ngakhale tsiku lalifupi kwambiri pachaka limatipatsa kuwala kwa maola oposa 11, kumwamba kuli mbee. Mdima umene umadwalitsa mlimi wa ku Helsinki ife sitiudziwa. Chimene wam'dimba wathu akusowa ndi tsiku lake, loti adzuke dzuwa litatuluka popanda kanthu kofa chifukwa cha kuchedwa kwakeko.

Vuto lake n'lakuti nyengo yozizira ndiyo nyengo ya dimba. Repu, chayinizi, kabichi ndi anyezi zimakonda mphepo imeneyi, matenda a masamba amachepa, madambo amakhala ataphwa moti munthu angathe kukonza mabedi. Nthawi imene thupi likufuna bulangete ndi imene ntchito imachuluka. Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa anthu a m'maofesi samva kanthu kopanda manambala. Tengani dimba la mamita 20 m'lifupi ndi 25 m'litali. Mvula kulibe, ndiye mita iliyonse ya bedi imafuna madzi okwana malita anayi kapena kuposa patsiku. Amenewo ndi malita 2,000. Kheni imodzi imalowa malita 10, ndipo munthu amanyamula ziwiri. Ndiye kuti maulendo 100 kuchoka pachitsime kupita pamabedi, matani awiri a madzi kudutsa m'mapewa ndi mumsana mwa munthu mmodzi, lero, mawa, mkuja, Lamulungu lomwe, kuyambira Epulo mpaka mvula itagwa mu Novembala. Chitsime chikamaphwa mu Seputembala, chingwe chimatalika. Nazale ikasowa madzi masiku awiri, mbewu ya ndalama zambiri yapita. Munthu wotereyu maliro akachitika ku Petauke amawerengera kaye mabedi ake asanalire. Ndipo ambiri mwa anthuwa ndi amayi, amene akatula makheni amapeza mbale, ana ndi mphika zikuwadikira.

Pali amene adzandiyankha kuti walira mvula walira matope, wasankha ulimi wasankha thukuta, ndipo makolo athu sankadziwa tchuthi. Mfundo yomalizayi ndi bodza, ndipo ndi bodza limene limandikwiyitsa kuposa ena onse chifukwa limanamizira akufa. Makolo athu ankapuma, ndipo ankapuma m'nyengo yomweyi. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, khasu linkapachikidwa. Imeneyi inali miyezi ya maukwati, ya zinamwali, ya kukumbukira omwalira, ya gule ndi mowa, ya kuyenda ulendo wa masiku kukaona mlongo wokwatiwa kutali. Mwambo wa Kulamba, umene umasonkhanitsa Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete, umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti. Alenje, eni nthaka ya kuno, amachita Kulamba Kubwalo ku Chibombo mu Okutobala, mvula isanayambe. Miyambo yotere imaikidwa pamene anthu ali ndi mpata woyenda. Madimba analipo kalekale, inde, koma anali a mphika wa pakhomo: nkhwani pang'ono, mpiru, nzimbe, chimanga chachiwisi cha ana. Dimba la malonda, lofuna munthu tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndilo lameza nyengo yopuma ija, n'kuilumikiza ndi dzinja, pamene munthu yemweyo amalowa m'munda wa chimanga kukadzala, kupalira ndi kubandira. Chaka chake chakhala chopanda khomo lotulukira.

Sindikutsutsa ulimi wothirira, ndipo wondimva choncho wandimva molakwa. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa zowawa. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, chimanga cha mahekitala pafupifupi wani miliyoni chitapserera m'minda. Madzi a ku Kariba atatsika, magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku, ndipo amene anali ndi mapampu a magetsi anabwerera ku ndowa. Kuyambira pamenepo nduna iliyonse, bungwe lililonse, mlangizi aliyense akunena mawu amodzi: thirirani, kololani kawiri kapena katatu pachaka. Akunena zoona. Koma m'malipoti awo amawerenga mahekitala, matumba ndi makwacha. Sindinaonepo lipoti lowerenga maola amene mayi waima m'madzi ozizira, kapena zaka zimene msana wake udzapirire. Tikumanga chitetezo cha chakudya cha dziko pa matupi a anthu amene sitiwapatsa ngakhale sabata imodzi yoti achire.

Mbiri ya tauni yathu ikusonyeza kumene khalidwe limeneli linachokera. Njanji inafika ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, mu 1906, mgodi wa mtovu ndi zinki unayamba kukula, ndipo anthu anabwera kuchokera ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Nyasaland ndi kwina kudzafuna ntchito. Ambiri a ife olankhula Chinyanja kuno ndife zidzukulu za apaulendo amenewo. Mgodi wa kuno unatchuka ndi chizolowezi chopatsa antchito ena okhalitsa minda ya maekala asanu kunja kwa komboni, ndipo katswiri wa chikhalidwe cha anthu Godfrey Wilson, amene anafufuza moyo wa antchito a ku Broken Hill cha m'ma 1939 ndi 1940, analemba za minda imeneyi. Ena amaitchula ngati chifundo cha kampani. Ine ndimaona kuti khasu la mkazi ndilo linkakwaniritsa malipiro osakwana a mwamuna. Nthawi yomweyo antchito achizungu a mumgodi, a njanji ndi a boma ankapatsidwa tchuthi chachitali cholipidwa, n'kukwera sitima kupita kunyanja ku South Africa kapena kwawo ku Britain, pakhomo atasiya wophika ndi gadeniboyi. Mu 1964 tinalandira ufulu, ndipo nyumba zazikulu zija zinalowa eni dziko. Tinalandira nyumba, tinalandira kapinga, tinalandira tchuthi. Munthu wa kuseri kwa nyumba tinamusiya mmene tinamupezera.

Apa ndikulankhula ndi inu, abwana ndi adona a kumayadi, aphunzitsi aakulu, madokotala, akuluakulu a asilikali, abusa, amalonda, ndi ife tonse amene tili ndi munthu wotithirira maluwa. Lamulo lilipo. Lamulo la zantchito la 2019 limapatsa wantchito masiku awiri a tchuthi cholipidwa pa mwezi uliwonse umene wagwira, ndiye kuti masiku 24 pachaka. Malamulo a malipiro a antchito a pakhomo, amene anayamba mu 2011, amawerengera wosamala maluwa m'gulu la antchito amenewa, ndipo mu Januwale 2024 malipiro awo otsikitsitsa anaikidwa pa K1,300 pamwezi. Mwini nyumba ayeneranso kumulembetsa ku NAPSA kuti akadzakalamba adzapeze kangachepe. Ndi angati mwa ife amene tikutsata zimenezi? Ambiri timamupatsa "tchuthi" pokhapokha akadwala kapena akaferedwa, ndipo pobwera timamudula malipiro. Ena timati ndi m'bale wathu, timadya naye limodzi, ngati kuti ubale umachotsa kutopa. Ena timamuuza kuti akapita, pageti pali khamu lofuna malo ake, ndipo poti n'zoona, iye amakhala chete. Dziko lino linalengezedwa kukhala lachikhristu mu Disembala 1991. Lamulo la tsiku lopuma limene timaliwerenga m'matchalitchi limatchula wantchito wamwamuna, wantchito wamkazi, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Sindimvetsa mmene munthu angaimbire kwaya Lamulungu m'mawa pamene kunyumba kwake wasiya bambo wa imvi akutchetcha udzu.

Tchuthi chimene a ku Ulaya akusangalala nacho lero sichinagwe kumwamba. Ku France antchito anachipeza mu 1936, masabata awiri olipidwa, pambuyo pa sitiraka zimene zinaimitsa mafakitale m'dziko lonse. Ku Britain lamulo la tchuthi cholipidwa linabwera mu 1938, ndipo lero wogwira ntchito masiku asanu pasabata kumeneko ali ndi ufulu wa masiku 28 pachaka. Asanapambane, nawonso ankauzidwa kuti wosauka akapuma amaledzera, kuti chuma chidzagwa, kuti ulesi udzachuluka. Kuno kwathu anthu a m'migodi ya ku Copperbelt anafa pa sitiraka za 1935 ndi 1940 asanaloledwe kukhala ndi bungwe lawo mu 1949. Mabungwe a antchito amene anabadwa m'magazi amenewo ayenera kuchita manyazi kuti wothirira maluwa a mtsogoleri wawo kawirikawiri alibe womulankhulira.

Nanga wam'dimba wodzilemba yekha, amene alibe bwana womupatsa tchuthi? Bwana wake ndi msika, ndipo msikawo ndi ife. Poti nyengo ndi imodzi, onse amadzala pamodzi ndi kukolola pamodzi. Repu akachuluka, mtengo umagwa. Masamba othyoledwa m'bandakucha amafota dzuwa likafika pamutu, ndiye wogula amadziwa kuti akangodikira pang'ono mlimi agonja. Wa tomato amene wapirira ulendo wa makilomita pafupifupi 140 kupita ku msika wa Soweto ku Lusaka amapeza maejenti amene amagulitsa m'malo mwake n'kudula gawo lawo, iye ataima pambali pa mabokosi ake ngati mlendo. Kuyambira 2016 kwabweranso kambozi ka Tuta absoluta, kamene kamaboola masamba ndi zipatso za tomato, ndipo mankhwala ake amadya phindu lisanaoneke. Pamwamba pa zonsezi timafika ife ndi zikwama zathu. M'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa, koma pamaso pa mayi wa mpukutu wa repu timakhala akatswiri onenerera, ndipo pochoka timafunanso mbasela. Kandalama kamene timamulanda pamenepo ndi kamene akanasunga kuti alipire mnyamata womuthiririra sabata imodzi.

Kutopa kosatha sikuthera m'mapewa. Kumalowa m'mutu. Munthu amasiya kugona, amapsa mtima ndi ana, amasiya kupita kutchalitchi, ena amathawira ku kachasu. Sitimutcha wodwala, timati wasintha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse odzipha padziko amachita zimenezi pomwa mankhwala ophera tizilombo, ndipo botolo la mankhwalawo limakhala m'nyumba ya wam'dimba aliyense, kawirikawiri kuchipinda kogona. Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano la thanzi la maganizo mu 2019, koma thandizo lambiri likadali kutali ndi munthu wa kumadambo. Ndikamapempha kuti anthuwa apume, ndikupempha chinthu chokhudza moyo ndi imfa.

Kabwe ili ndi chifukwa chake chapadera chosamalira alimi a madimba, chimene matauni ena alibe. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma unatisiyira matani mamiliyoni a zinyalala za mtovu, ndipo nthaka ya ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe Wansofu ili m'gulu la nthaka zoipitsidwa kwambiri padziko lapansi. Madokotala amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino, ndipo ana ndiwo amaonongeka ubongo. Bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la zimenezi mu 2019. Mu Okutobala 2020 maloya anasumira kampani ya Anglo American South Africa kukhoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a kuno pafupifupi 140,000. Kampaniyo imakana mlandu, khotilo linakana mu Disembala 2023 kuti nkhaniyo izengedwe ngati ya gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Pamene maloya akukangana, mphepo ya Julayi ndi Ogasiti ikupitiriza kunyamula fumbi n'kulithira pa masamba, pa mbale ndi m'manja mwa ana. Mayi wa ku Kasanda amene walangizidwa kuti asadalire ndiwo za pakhomo pake ayenera kugula kwa wina wolima kutali ndi phiri la zinyalala lija. Ndiye kuti wolima pa nthaka yabwino m'mphepete mwa tauni akugwira ntchito ya zaumoyo, ngakhale palibe amene amamulipira ngati wazaumoyo. Khonsolo ikanayenera kumuyezera nthaka ndi madzi kwaulere, kumupatsa chikalata chosonyeza kuti ndiwo zake ndi zoyera, ndi kumutetezera malo ake kwa ogawa mapuloti. Ndipo taganizirani za kapinga: kumayadi ndi chokongoletsa, koma kumakomboni oyandikana ndi mgodi udzu wophimba fumbi ndi chitetezo cha ana, ndipo kumeneko ndi kumene madzi othirira amasowa.

Dzina la Mukobeko likatchulidwa, anthu a m'dziko lonse amaganiza za ndende. Kumeneko n'kumene kunkanyongedwa oweruzidwa kuti aphedwe, komaliza mu 1997, chilangochi chisanathetsedwe mu Disembala 2022. Munthu amene anasaina kuthetsako amakudziwa bwino kuzizira kwa ku Mukobeko. A Hichilema anamangidwa mu Epulo 2017 pa mlandu woukira boma, anasamutsidwira kundende imeneyi mu Juni, ndipo anatuluka pa 16 Ogasiti atakhala m'manja mwa boma masiku 127. Miyezi yozizira kwambiri pachaka anaithera kuno kwathu. Sindifanizira dimba ndi ndende, chifukwa kutero kungakhale kupeputsa masautso a akaidi. Ndikutchula ndendeyi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, maiko atagwirizana mu 2015 pa malamulo osamalira akaidi, amene anawatcha dzina la Nelson Mandela, analembamo kuti mkaidi wosagwira ntchito panja apatsidwe ola limodzi kapena kuposa tsiku lililonse kuti atuluke kumpweya. Mandela mwiniwake ankalima tomato ndi ndiwo zina pa chilumba cha Robben, ndiponso m'migolo yodulidwa pakati padenga la ndende ya Pollsmoor. Dziko lonse linavomereza kuti ngakhale wolakwa ali ndi thupi ndi mtima zofuna kupuma. Chachiwiri, nthambi ya ndende ya Zambia imalima kwambiri ndipo imaphunzitsa akaidi ulimi kuti akatuluka akadzidalire. Ndi ntchito yabwino. Koma munthu ameneyo akatuluka pageti ndi luso lake, amakalowa m'moyo wa makheni awiri, chitsime chophwa ndi msika womulanda. Ngati tikufuna asabwerere, ulimi umene tamuphunzitsawo uyenera kukhala woti munthu angakhale nawo moyo.

Njira zake si zodabwitsa. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Makomiti a thumbali ku Bwacha ndi ku Kabwe Central angathe kugulira magulu a alimi a madimba mapampu oyendera dzuwa, mathanki okwezeka ndi mapaipi odontheza madzi patsinde pa mbewu. Zipangizozi zimatamandidwa chifukwa zimasunga madzi ndi kuchulukitsa zokolola. Ine ndimazitamanda pa chifukwa china: dimba la mapaipi lingathiriridwe ndi mwana wa sukulu kapena mnansi pongotsegula mpopi, ndipo mwini wake angachoke. Dzuwa limene mlendo amaliwolokera nyanja ife tili nalo laulere pamwamba pa madenga athu, ndipo lingathe kunyamula matani awiri aja m'malo mwa msana wa mayi. Ndikupempha kuti ntchito iliyonse ya ulimi wothirira imene boma kapena bungwe libweretsa izifunsidwa funso ili isanavomerezedwe: kodi ichotsa maola angati pa tsiku la mlimi?

Alimi nawonso asadikire boma. Chilimba timachidziwa, dima timaidziwa. Ngati amayi khumi angasonkhe ndalama mwezi ndi mwezi kuti mmodzi agule malata, angathenso kusonkherana masiku: sabata ino tonse tithirira mabedi a Amake Uje, iwo apite. Angagwirizanenso kusiyanitsa masiku ofesa kuti asakumane onse pamsika ndi repu tsiku limodzi. Miphakati ndi zigwirizano za amayi m'mipingo zimadziwa kale kupalira munda wa wodwala ndi wa woferedwa. Chifundo chimenechi n'chabwino, koma chimafika munthu atagwa kale. Chiyambe kufika akadali chilili.

Adzapita kuti? Funso limeneli limafunsidwa monyoza, ngati kuti wosauka alibe kopita. Ali nako. Ali ndi mayi wokalamba ku Chadiza amene sanamuone zaka zambiri. Ali ndi manda a bambo ake ku Mchinji amene sanawalambulepo. Ali ndi mwana ku Kitwe amene anabereka mdzukulu wodziwika pa foni pokha. Alipo anthu obadwira ku Kabwe amene afika pa ukalamba osaonapo damu la Mulungushi, limene linamangidwa m'zaka za m'ma 1920 kuti lipereke magetsi ku mgodi umene unadya mphamvu za makolo awo, ngakhale lili pafupi ndi tauni. Chigwa cha Luangwa chimafunda mu Julayi, ndipo Achewa, Ansenga ndi Akunda ambiri a kuno ali ndi abale kumeneko. Ndipo wina akasankha kungokhala pakhonde pake sabata yathunthu, kuothera dzuwa la m'mawa, kumvera wailesi ndi kucheza ndi adzukulu, palibe wina woyenera kumufunsa chifukwa.

A ofesi ya zantchito ya m'chigawo chapakati, imene ili mu Kabwe momwe muno, ayambe kugogoda pa mageti a kumayadi monga amagogodera m'masitolo ndi m'mafakitale, ndi kufunsa wantchito payekha, abwana ali patali, kuti anapuma liti komaliza. Inu abwana musadikire kugogodako. Tengani kalendala usiku uno, muitane bamboyo, muwapatse mpando, ndipo muwafunse mwezi umene akufuna kupita kwawo. Muwalipire malipiro a mweziwo asananyamuke, pamodzi ndi masiku a zaka zam'mbuyo amene simunawapatse. Maluwa muthirire nokha kapena mulembe waganyu, ndipo akabwera apeze ntchito yawo ili pomwepo.